Chilombo Chovala Nsapato

Ndinayambitsa ndine. Ndineneretu poyamba pomwe, chifukwa nkhaniyi yakambidwa ndi anthu ambiri ndipo aliyense woikamba amadzisandutsa ngwazi. Wapolisi amati analimbana ndi zigawenga mpaka malaya kung'ambika. Kalaliki wa banki amati anaona mfuti. Tcheyamani wa chipani wa kwathu amati anagwira mbava ndi manja ake awiri, chikhalirecho tsikulo dzanja limodzi linali pa chipanda cha masese. Kunalibe chigawenga. Mfuti inalipo imodzi, ya wapolisi yemweyo, ndipo inali pampando wa galimoto mwini wake ali patchire. Amene analipo ndine ndekha, mwana wa fomu 3, nditavala chiguduli cha fodya cha bambo anga.

Kwathu ndi m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, cha kwa Msakambewa. Mudzi wathu unagawidwa ndi kamtsinje: tsidya lino a mpingo, tsidya ilo a gule. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, munthu woti ng'oma ikalira tsidya ilo amatseka mawindo ngati phokoso ndi utsi. Mayi anga anabadwira tsidya lomwelo, anawoloka pokwatiwa. Mlongo wawo, amalume anga, anatsala komweko. Ndi mmisiri wa zidebe, wosalankhulalankhula, ndipo mapazi awo sanalawepo nsapato chibadwire. Zidendene zawo zili ndi ming'alu yoti mbewu ya dzungu ikagweramo ikhoza kumera. Bambo sankadya nawo mbale imodzi, koma chidebe chikabooka ankandituma komweko.

Amene ndinkafuna kumuopseza sanali wa banki ayi. Anali mphunzitsi wathu wa kalasi ya ubatizo, mnyamata wa tayi wofiira, amene Lamulungu lililonse ankatiuza kuti iye atakumana ndi chilombo panjira sangapatuke, angangochiyang'ana m'maso n'kuchiuza kuti chilape. Ndinkadziwa kuti Lachinayi masana amakwera chitunda cha kuseri kwa manda akukankha njinga. Ndinaganiza zomupatsa mpata woti alalikire.

Inali holide ya mu Ogasiti, fodya ali pamsika, fumbi paliponse. Ndinatenga chiguduli m'chigafa, ndinaboola maso awiri, ndinasomeka nthenga za nkhuku imene tinadya Lamulungu, china ndinaching'ambang'amba n'kumanga m'chiuno ndi m'mikono. M'manja ndinagwira mpini wopanda khasu. Ine gule sindinalowe. Zonse ndinangotengera zimene ndinaonera patali ndili pamwamba pa mtengo wa mango, masiku amene bambo ankayesa kuti ndili kudimba. Chimodzi chokha sindinachiganize: sindinavule nsapato. Ndinali ndi matenesi oyera amene ndinapambana pothamanga kusukulu, ndipo pachitunda paja pali minga ndi miyala yakuthwa. Mwana wa sekondale sangapweteke mapazi chifukwa cha mphunzitsi wa kalasi.

Masiku ogulitsa fodya banki inkatumiza galimoto kumisika ya kumapiri kuno mpaka ku Kasakula. Inkaima pansi pa mtengo, alimi n'kumasunga kapena kutapa ndalama pawindo. Tsiku lake lodutsa kwathu linali Lachitatu, koma sabata imeneyo inachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo palibe amene anandiuza.

Nditabisala ola lathunthu ndinamva injini ikubuula kukwera chitunda. Inafika pafupi ndi pamene ndinali, inatsokomola, nthunzi inatuluka kutsogolo, n'kuima. Dalaivala anatsika, anaika mwala kutayala, anatenga chigubu n'kutsetsereka kumtsinje. Wapolisi woperekeza anayang'ana uku ndi uku, anagoneka mfuti pampando, anathyola masamba angapo n'kulowa patchire la tsidya lina la msewu. Kalaliki anatsala yekha kumbuyo, chitseko atatsegula kuti apitidwe mphepo, akusenda nthochi.

Wanzeru akanabwerera kunyumba. Koma thukuta ndi fungo la fodya zinali zitanditsamwitsa kale m'chiguduli muja, ndipo wa tayi wofiira sankaoneka. Ntchito yonse ija ipite pachabe? Ndinatuluka. Ndinalira kamawu kakang'ono kaja, ndinapalasa fumbi ndi mapazi, ndinagwedeza mpini.

Kalalikiyo anali wa m'tauni. Zikuoneka kuti wina kuofesi kwawo anamulangiza kuti kumapiri kuno ukakumana ndi chilombo usachiyang'ane, ungotaya ndalama pansi, chikusiya udutse. Zimenezo n'zoona, kumeneko ndiye kusupa, koma anthu amataya kakobidi kamodzi basi. Iye anapisa m'thumba n'kumwaza makobidi onse m'fumbi. Ine chibadwire ndinali ndisanalipidwepo pa chinthu chilichonse, ndiye ndinawonjezera moto. Anaponya nthochi yake, atailuma kale theka. Ndinasendera pafupi. Apo anagona chagada m'galimotomo, n'kukankha bokosi lachitsulo ndi mapazi onse awiri.

"Pepani agogo, pepani, tengani zonse," anatero, maso atatsinzina.

Bokosi linagwa pansi kuti khu. Nthawi yomweyo dalaivala anatulukira ndi chigubu chake. Anandiona, anataya chigubu, ndipo galimoto imene inakana chitunda ija inachimaliza ngati kulibe chitunda. Wapolisi anavumbuluka patchire n'kuithamangira, dzanja limodzi litagwira kabudula, lina likukupiza m'mwamba. Kusukulu ndine katswiri wothamanga, koma mkulu ameneyu ndikanamupatsa matenesi anga.

Ndinakhala pa bokosipo n'kuseka mpaka ntchofu kutuluka. Sindinayese kulitsegula, linali ndi maloko awiri. Makobidi sindinatole. Nthochi yokha ndinaipukuta n'kudya. Kenako ndinamva kulira kwa malata pa njinga kuchokera cha kumanda. Ndinathawira m'tchire, ndinavula chiguduli, ndinachikankhira m'dzenje la pachulu, ndipo ndinafika kunyumba nthawi yabwino yoti ndidalitse mbatata.

Wa njingayo anali amalume. Ankachokera kudambwe, kumalo obisika a amuna a gule, kumene anali chiyambire m'mawa kukonzekera mwambo wa maliro akale. Miyendo yawo inali mbuu ndi dothi. Anapeza bokosi pakati pa msewu, anadziwa kuti n'la banki, analimanga pa keliyala ndi mphira kuti akalipereke kumsika. Asanafike anakumana ndi lole yodzaza apolisi ndi achinyamata a chipani. Munthu wa gule, dothi m'miyendo, bokosi la banki pa njinga. Sanafunsidwe kanthu mpaka atamenyedwa kokwanira.

Madzulo ake tcheyamani anayenda khomo ndi khomo kunena kuti kuba ndalama za banki n'kubera alimi a mwini dziko, ndipo wobera alimi a mwini dziko ndi mdani wa chipani. Aliyense anavomera ndi mutu, monga timachitira. Bambo anati iwo anadziwa kale kuti za mumdima zidzathera pamenepa. Mayi analowa kukhitchini.

Ine ndinakhala chete, ndipo sindinama kuti zinandisowetsa tulo. Ndinkati bokosi labwezedwa lili lokhoma, palibe chasowa, mawa kapena mkuja awamasula. Kulakwa kwanga kwakukulu pa nkhani yonseyi kunali kumeneko: ndinkayesa kuti akuluakulu ovala yunifolomu amaganiza. Holide inatha, ndinabwerera kusukulu, ndinalemba mayeso, ndinaika chule m'kabati ya pulifekiti wamkulu. Nditabwera pa holide ya Khirisimasi ndinapeza amalume akadali pa limandi, mayi ataonda ngati adwala chaka.

Mayi anali atayesa zonse. Anapita kwa mkulu wina amene anapuma ntchito ya umesenjala wa khoti, amene amakhala pakhonde la positi ofesi kulembera anthu makalata, mapeni atatu m'thumba la jekete, awiri osalemba. Ananditenga kuti ndikamve nawo, poti ndine wa sukulu. Anatenganso thadzi lathu lakuda.

Mkuluyo anayamba wapimitsa nkhukuyo m'manja, kenako anakhosomola.

"Mayi, mlandu uwu si wa kuba mbuzi. Kuba wamba ndi zaka zingapo. Koma kuba moopseza, uli ndi chida m'manja, muli gulu, lamulo limalola chingwe. Akakomera mtima ndiye ndende moyo wonse."

"Nanga loya, bambo? Ng'ombe ya malemu mayi athu ilipo, tikhoza kugulitsa."

"Sungani ng'ombe yanu. Mlanduwu aupereka ku khoti la mafumu. Kumeneko loya saponda. Munthu amadziyankhira yekha ndi pakamwa pake."

"Ndiye achite bwanji?"

"Avomere. Alire pang'ono. Atchule ana."

"Koma sanabe."

"Amene sanabe ndi amene amavuta, mayi. Amachedwetsa khoti, mafumu amakwiya."

Nzeru za thadzi lathunthu zinali zimenezo. Pobwerera mayi anandiuza chimene chinkawadya kwambiri. Atapita kukaona amalume kundende anawapempha kuti angonena kumene anali tsikulo, poti anali ndi amuna ambiri amene akanawachitira umboni. Amalume anangowayang'ana. Za kudambwe sizinenedwa kwa mkazi, sizinenedwa kwa wosalowa, ngakhale kwa boma. Ndipo amuna onse aja sakanabwera kudzanena kuti tinali naye, chifukwa funso lotsatira likanakhala lakuti munali kuti, munkachita chiyani. Munthu anali ndi mboni zodzaza mudzi, koma analibe ngakhale imodzi.

Ndinayamba kuwerenga masiku ngati mmene timachitira mayeso akayandikira. Komabe ndinkati mafumu ndi anthu akwathu konkuno, aona okha kuti nkhaniyi ndi yopusa.

Mlandu unazengedwa kuboma, m'holo yaitali ya malata. Kutsogolo kunakhala mafumu atatu ndi bwana wina wa suti amene ankalemba. Pamwamba pawo panali chithunzi chimene chili paliponse. Amuna tinakhala pa mabenchi, amayi pansi mbali ina. Bambo anabwera, osati chifukwa cha mlamu wawo, koma kuti anthu aone kuti mkulu wa mpingo sasunga mangawa. Woimira boma anali wapolisi wa nyenyezi paphewa, wochokera kutali kumene kulibe gule, wokonda kugwedeza buku la malamulo ngati akuthamangitsa ntchentche. Amalume anawalowetsa atamangidwa unyolo, atameta mpala, mapazi ali pansi monga mwa masiku onse.

Kalaliki analumbira n'kunena kuti zigawenga zinali zisanu ndi chimodzi, zonse zobisa nkhope ndi ziguduli ndi nthenga ngati zilombo za gule, zina ndi nkhwangwa, china ndi mfuti. Dalaivala anati iye anaona zinayi, mwina zina zinali kuseri kwa galimoto. Wapolisi woperekeza anati anachoka pa galimoto kukafufuza phokoso lokayikitsa patchire, ndipo pobwerera analimbana ndi ziwiri. Ndinaluma kolala ya malaya kuti ndisaseke. Phokoso patchire paja linalipodi, ndinalimva ndili tsidya lina la msewu.

Mfumu ya pakati, nkhalamba ya maso ofiira imene inkaoneka ngati ikuwodzera, inafunsa amalume ngati ali ndi funso kwa mboni. Kwa dalaivala analibe. Kwa wapolisi analibe. Anapempha kuti kalaliki aimenso.

"Bwana, chimene munachionacho, kumapazi kwake kunali bwanji?"

"Chinali ndi nsapato."

"Zotani?"

"Zoyera. Matenesi."

"Zonse zisanu ndi chimodzi?"

"Chimene chinali patsogolo. Zinazo sindinaziyang'ane kumapazi."

"Ndatha, mafumu."

M'holo munadutsa kaphokoso ngati mphepo m'chimanga chouma. Mwamuna aliyense wa tsidya ilo anamva zimene zinanenedwa. Chilombo cha mtundu umene kalaliki anafotokoza sichiponda nsapato, ndiye chimene anaonacho sichinachokere kudambwe. Mafumu atatu aja anamvanso, poti onse ndi eni mizinda ya gule. Wina anayang'ana kudenga, wina anayamba kufunafuna fodya wake wa mphuno. Koma palibe amene akanatsegula pakamwa kufotokoza, amayi ali pomwepo, a mpingo ali pomwepo.

Ine ndinamva china. Amalume anapeza bokosi lija fumbi lisanafufutike, ndipo mozungulira monse munali mapazi a matenesi. M'midzi yonse ya kumtsinje kwathu matenesi oyera anali ndi munthu mmodzi. Anadziwa kuyambira tsiku loyamba. Miyezi inayi akudya mgaiwa wa kundende ndi nyemba zofumbwa, akudziwa. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinabweza mapazi anga kunsi kwa benchi, poti nsapato ndinali nazo zomwezo.

Woimira boma sanamve kanthu. Anati nanga n'chiyani, mbava sizivala nsapato? Kenako anayamba kupanikiza amalume.

"Tsiku limenelo kuyambira m'mawa munali kuti?"

"Ndinali kumene ndinali, bwana."

"Kumeneko n'kuti?"

"Kwa amuna."

"Dothi linali m'miyendo mwanu linachokera kuti?"

"Pansi, bwana."

Anthu anaseka, iye anamenya buku patebulo.

"Chabwino. Inu ndinu wa gule, simukana. Ndiuzeni, ndani anavala chilombo chimene chinaopseza mboniyi? Ngati si inu, tchulani mnzanu."

"Chilombo sichivalidwa, bwana."

"Mukuti chiyani?"

"Chilombo ndi chilombo. Chimachokera kumene chimachokera."

"Mukufuna kuuza khoti lino kuti m'kati muja munalibe munthu?"

Mfumu ya pakati inatsegula diso limodzi. "Bwana wapolisi, funsani funso lina."

"Koma mafumu, mlandu wagona pomwepa."

"Tamva. Funsani lina."

Analibe lina. Anatsegula buku lake n'kuwerenga chilango mwa Chingerezi, kenako anamasulira pang'onopang'ono kuti amayi amve bwino mawu oti kunyongedwa. Anati woimbidwa mlandu wakana kunena kumene anali, wakana kutchula anzake, anagwidwa ndi katundu m'manja, ndipo dziko likufuna phunziro. Mfumu inafunsa amalume ngati ali ndi mboni. Anati alibe. Inafunsa ngati ali ndi mawu otsiriza. Anati njinga yawo ili kupolisi, ipatsidwe kwa mlongo wawo.

Taonani nzeru za akuluakulu. Holo yodzaza, theka likudziwa kuti munthuyu ndi wosalakwa koma mwambo walitseka pakamwa, theka linalo silikudziwa kanthu koma lili ndi mabuku. Munthu akupita ku chingwe aliyense atasunga ulemu wake bwinobwino. M'holo monsemo munali munthu mmodzi yekha amene sanalumbire chinsinsi kwa wina aliyense, ndipo anali atabisa mapazi kunsi kwa benchi.

Ena amati ndinaimirira chifukwa Mzimu unanditsutsa. Abusa anayesa kundivomereza zimenezo, ndinakana. Ndinaona mayi atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, akulira, ndipo zinandinyansa. Komanso ndinali nditatopa kumva amuna atatu akuwononga nkhani yanga yabwino.

"Mafumu, ndili ndi mawu."

Bambo anandikoka malaya. "Khala pansi iwe, wapenga?"

"Ndiwe yani?" inafunsa mfumu.

"Ndine zigawenga zisanu ndi chimodzi zija."

Mesenjala anabwera kuti anditulutse, koma mfumu inakweza dzanja. Ndinapita kutsogolo, ndinakweza phazi limodzi kuti kalaliki aone bwino. Nkhope yake inachita ngati wameza fupa. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa nthenga za nkhuku. Nditatchula mphunzitsi wa tayi wofiira anthu anatembenuka kumuyang'ana, iye anayamba kumanga zingwe za nsapato zomanga kale.

Woimira boma anati mwanayu watumidwa kuti apulumutse malume wake. Ndinapempha kuti nanenso ndifunse mboni, ndipo mafumu, amene tsopano anali maso onse atatu, analola.

"Bwana kalaliki, ndinakupemphani kanthu?"

"Unandiopseza."

"Ndinalankhula mawu aliwonse?"

"Unkalira ngati mbalame."

"Bokosi ndinalitsitsa ndine kapena munalikankha ndinu?"

Anayang'ana kwa woimira boma.

"Munanditcha agogo kapena simunanditche?"

Holo inaphulika. Mesenjala anakuwa kuti chete, iye mwini akupukuta misozi. Ndinatembenukira kwa wapolisi woperekeza n'kumufunsa kuti polimbana ndi ziwiri zija kabudula anamugwirira ndani. Mfumu inati funso limenelo lisayankhidwe, khoti lamva kale.

Kenako ndinaponya mwala umene ndinausunga. Ndinati mafumu, ine makobidi amene bwanayu anamwaza sindinawatole, ndinaopa, chifukwa pa kobidi lililonse pali nkhope ya mwini dziko, ndipo sindinafune kukhudza nkhope imeneyo ili m'fumbi mmene anaitayira. Kuseka kunatha ngati wathira madzi pamoto. Kalaliki anagwira tebulo. Tcheyamani wa kwathu, amene anakhala kutsogolo kudikira kuyamikiridwa, anayamba kuyang'ana khomo. Bwana wa suti anasiya kulemba, peni ili m'mwamba, osadziwa ngati zoterezi zimalembedwa. Kuyambira pamenepo aliyense m'holomo ankafuna kuti mlanduwu uthe msanga, ndipo uthe uli waung'ono.

Ndinamaliza monga tinaphunzirira mu dibeti. Ndinati kuba n'kutenga. Sindinapemphe, sindinatenge, sindinanyamule. Ndinangovina, ndipo bwanayu anasupa mopitirira muyeso. Ngati khoti likufuna chimene ndinaba, ndi theka la nthochi, ndipo ndine wokonzeka kubweza yathunthu.

Woimira boma anafunabe umboni wogwirika. Khoti linaima mpaka mawa lake, ndipo ananditengera kuchitunda kuja pa galimoto, ulendo wanga woyamba kukhala kutsogolo. Chiguduli chinali m'dzenje momwe muja. Chiswe chinali chitadya mbali ya nthenga, koma chinasiya mbali imene inali ndi nambala. Mlimi aliyense wa fodya amalemba nambala yake pa ziguduli zake ndi penti wakuda. Mawa lake mesenjala anachitambasula pamaso pa anthu onse, maso awiri oboola aja ali pamwamba, n'kuwerenga nambalayo mokweza. Anafunsa kuti mwini wake alipo? Bambo anga, mkulu wa mpingo, wotseka mawindo ng'oma ikalira, anaimirira pang'onopang'ono chipewa chili m'manja. Amuna a tsidya ilo sanaseke. Anangowayang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho chinawapweteka kuposa kuseka.

Woimira boma anayesa komaliza. Anati tsopano zaoneka poyera kuti m'chilombo mumakhala munthu. Mfumu ya pakati inaloza chigudulicho.

"Mwaona chilombo pano, bwana? Ife tikuona chiguduli. Mwana anavala chiguduli cha bambo wake. Alembi, lembani chiguduli."

Analemba chiguduli. Amalume anawamasula unyolo pomwepo, popanda wina wowapepesa. Mfumu inangowauza kuti tsiku lina akadzapeza katundu wa boma pamsewu adzamulambalale. Za kalaliki ndi wapolisi woperekeza inati mabwana awo aona okha. Ndinamva kuti wina anamutumiza kudera lakutali kumene galimoto imafika kamodzi pa mwezi, winayo sindidziwa. Mlandu wa kuba moopseza unafera pomwepo. Ine anandipeza wolakwa pa kusokoneza mtendere pamsewu wa boma, ndipo poti ndine mwana wa sukulu anati ndende ingandiphunzitse zoipa zina zimene sindinazidziwe. Anagamula zikoti zisanu ndi chimodzi.

Zilango zinazo zinabwera zokha. Mpingo unandichotsa m'kalasi ya ubatizo kwa chaka, zimene zinandipatsa Lamulungu masana onse kukhala anga. Amuna a tsidya ilo anatumiza mawu kuti mwana wanyoza mwambo, ndipo bambo anawoloka mtsinje akukoka mbuzi, ulendo wawo woyamba kupita kumeneko popanda kukalalikira. Amalume ndi amene anakhala pakati kuti nkhani ithere pa mbuziyo. Ahedi a kusukulu analemba kalata yoti ndikabwerera ndikakumbe dzenje la zinyalala lotalika ngati msinkhu wanga, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti ndine wamfupi.

Zikoti ndinalandira tsiku lomwelo la chigamulo, kuseri kwa polisi. Poyamba anabwera wachipatala kudzandimvetsera pamtima ndi kachipangizo kake, n'kulemba kuti ndili ndi thanzi loyenera kumenyedwa. Boma lathu ndi la dongosolo. Anandigoneka pa benchi, anayala kansalu konyowa pamatako, ndipo sajeni wina wonenepa anavula jekete n'kupinda malaya ngati akukagwetsa mtengo. Choyamba chinandidabwitsa, sindikana. Chachiwiri chinagwera pomwe panagwera choyamba, ndipo ndinaona kuti mkuluyu ntchito yake amaidziwa. Kuyambira chachitatu anayamba kupuma mwawefuwefu. Bambo anga amamenya kuposa pamenepo, ndipo iwo amayamba ndi pemphero lalitali, uli chigonere kudikira.

Atamaliza anandiuza kuti mwambo wake ndiyenera kunena zikomo. Ndinati zikomo kwambiri bwana, Mulungu akudalitseni, dzanja lisatupe. Anandiyang'ana ngati akufuna kuwonjezera, koma pepala linati zisanu ndi chimodzi.

Panja ndinapeza amalume akupopa njinga yawo, imene inakhala miyezi inayi padzuwa. Mayi anali atakwera kale basi pamodzi ndi bambo, amene sankafuna kuonedwa nane. Amalume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukhoza kukhala pa keliyala?"

"Lero ayi, amalume."

"Ndiye ugone chamimba."

Ndinagona chamimba pa keliyala ngati thumba la feteleza, miyendo uku, mutu uku, ndipo tinauyamba ulendo wa kumapiri. Pa zitunda ndinkatsika n'kukankha nawo. Titadutsa msika wachiwiri amalume anaima n'kugula mango awiri kwa mayi wina, limodzi n'kundipatsa.

"Akuti unkavina ngati nkhuku yodwala chitopa," anatero.

"Ndani wanena?"

"Mapazi ako pafumbi paja. Ndinachita manyazi."

Ndinadya mango anga chamimba chomwecho, madzi ake akudontha pa sipoko, anthu m'njira akuloza. Sabata yonse ndinadyera choimirira, ndipo ndinapeza kuti munthu ukaimirira chakudya chimalowa chambiri.